Matimati a Njira ya ku Chulu

"Ndiye ukuti mankhwala ake palibe?"

"Palibe, amayi. Mtengo wodwala timazula n'kuwotcha."

"Zaka zonse zija kusukulu ya zaulimi unkaphunzira kuti palibe?"

Amayi Lurdes anali ataima m'dimba lawo ku Chipera, manja m'chiuno. Masamba a matimati anali atachita mawanga achikasu, ena atakwinyika ngati nkhope ya munthu wolawa bwemba. Mwana wawo Ivânia, amene anabwera kutchuthi, ankayenda m'mizere akuwerama.

Amuna awo a Cipriano anakhala pachitsa. Iwowa anasiya fodya pa Pasaka. Anaimirira m'gereja pa nthawi ya mapemphero n'kulengeza okha, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo amayi Lurdes anawonjeza mawu awo pakhomo: fodya akadzabwerera m'nyumba muno, mwini wake adzasamukira kwa mbale wake ku Malowera, iye ndi mphasa yake. Kuchokera tsiku limenelo a Cipriano anayamba kukonda dimba modabwitsa. Masana aliwonse ankapita kukathyola mphukira za matimati popanda wowatuma.

"Ndi dzuwa limeneli," anatero a Cipriano. "Chaka chino lanyanya."

"Dzuwa limasankha mzere, ababa?" anafunsa Ivânia. "Onani. Odwala ayambira pakhomo la mpanda mpaka pachulu apo. Mizere ina yonse ili bwino."

"Mwina ndi mbuzi za kwa mnansi wathu Damião."

"Mbuzi imadya, siipaka matenda. Kachirombo aka n'kosaoneka ndi maso, kamayenda pamanja. Ukagwira mtengo wodwala n'kugwira wabwino osasamba m'manja ndi sabau, wapatsira. Koma chondizunguza mutu n'chakuti mbande zanu zinali zabwino. Ndiye kanalowa bwanji?"

"Zisiye mwanawe, wangofika kumene. Kapume," anatero a Cipriano.

Koma Ivânia anali munthu woti akapeza mfundo pachingwe sadya mpaka aimasule. Anayenda kukafika pachulu, n'kutembenuka, n'kubwerera pang'onopang'ono dzanja lili lotambasula.

"Odwala onse ali mbali imodzi ya njira. Ukamachokera kuchulu ali kumanzere. Ndiye munthu wake ndi wamanzere, kapena amayenda chafutambuyo."

A Cipriano, amene ankakanda bondo ndi dzanja lamanzere, analibweza mwakachetechete n'kuyamba kukanda ndi lamanja.

"Kuchuluko kuli chiyani choti munthu n'kudetsa nacho manja?" anafunsa amayi Lurdes.

"Sindikudziwa. Matendawa kwawo kwenikweni ndi m'fodya. Ngakhale wouma, wopichira kale, kachiromboko kamakhalamo. Koma pakhomo pano palibe amene amagwira fo..."

Ivânia anaima pomwepo. Anayang'ana bambo ake. Bambo ake anayang'ana mitambo, imene kunalibe.

"Komanso mwina ndi mbuzi zija," anatero Ivânia ndi mawu otsika.

 Amayi Lurdes anamanga bwino chitenje n'kutsata mzere wodwala uja, mtengo ndi mtengo, ngati akulondola mapazi a ng'ombe yosochera. Atafika pachulu anachizungulira, n'kuwerama, n'kupisa dzanja m'dzenje lotsekedwa ndi mwala. Anatulutsamo kathumba kapulasitiki. M'katimo munali chingambwe, machesi ndi timapepala todula bwino.

"Mayi a Ivânia," anayamba a Cipriano, "tisanafike patali, tiyeni tiyambe tazula matimatiwa. Mwana wati n'zachangu."

Amayi Lurdes ananunkhiza kathumba kaja. Kenaka anakakweza m'mwamba kuti onse akaone bwino.

"Bambo a Ivânia, chiswe chinayamba liti kusuta?"