Dalaivala wa Pulaka ya Rede

A Valdemar, mlembi wa bungwe la alimi a mbatata ku Domwe, anali ndi komputadori yakale kwambiri moti ankaiyatsa n'kupita kukamwa tiyi isanadzuke. Mwana wa mlongo wawo, Dulce, mphunzitsi wa ku Ulongwe, anaiikira sisitema yopepuka ndipo inayamba kuthamanga. Koma intaneti inakana. Kachipangizo kolowetsapo waya wa intaneti, kamene Dulce ankakatcha pulaka ya rede, makinawo sankakaona n'komwe.

"Mwina ikusowa dalaivala, amalume," anatero Dulce, atatsegula bokosi la komputadoriyo.

A Valdemar sanafunse zambiri. Anatuluka, ndipo posakhalitsa anabwera ndi a Arcanjo, oyendetsa shapa, minibasi ya ku Ulongwe, amene anasiya anthu khumi ndi asanu akudikira m'galimoto pamsewu.

Dulce anafotokoza kuti dalaivala amene ankanena ndi pulogalamu, si munthu. A Arcanjo anamvetsera mwaulemu, kenako anasuzumira m'bokosimo.

"Uyu sanakhale bwino pampando," anatero. "Wakhalira thako limodzi."

Anakankha pulakayo ndi chala chachikulu monga amakankhira wokwera womaliza, ndipo inalowa kuti khethe. Dulce atayatsanso komputadori, kanyali kobiriwira kanayamba kuphethira, makalata a miyezi isanu n'kuyamba kulowa.

Dulce anayesanso kufotokoza, koma amalume ake anali atatsegula kale buku la bungwe. Analembamo kuti komputadori yapeza dalaivala, ndipo azibwera Lolemba lililonse. A Arcanjo anavomera, bola aziwauziratu ngati ulendo wake ndi wautali.