Burashi Yonunkha Nguluwe

A Alfio Zappala anatuluka m'chipatala mu Disembala, mvula itayamba kale kwawo ku tauni ya Ingham. Sitiroko inawapeza ali pathirakitala m'munda mwawo mwa nzimbe, ndipo inawasiya ndi dzanja lamanja lolendewera komanso lilime lolemera. Akazi awo, a Nunzia, anali atakonza zonse: bedi, ndodo, mpando wosambirapo. Chimene sanachiganizire ndi burashi yometera ndevu.

Kwa zaka makumi asanu a Alfio ankameta m'mawa uliwonse ndi madzi ofunda, sopo wa m'kambale, burashi ya ubweya wa nguluwe ndi lezala. Tsiku lomwe anadwala, wina anatsekera burashiyo m'kabati ili yonyowa. A Nunzia anaipeza itachita chuku, ndipo atangoikoka pang'ono, ubweya wonse unatsalira m'manja mwawo.

Namwino yemwe ankabwera kawiri pa sabata anali ndi makina ometera amagetsi, koma a Alfio akangomva kulira kwake ankatembenukira kukhoma. Ndevu zinamera zoyera, zosokonekera, ndipo mwini wake analeka kuyang'ana pagalasi.

"Ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati tonde," anatero a Nunzia tsiku lina, akuvala nsapato.

Anakagula burashi yatsopano m'tauni, ya nguluwe ngati yakale ija. Masana omwewo anakhazika amuna awo pakhonde, kupanga thovu, n'kuyamba kupaka patsaya.

"Ikubaya," anatero a Alfio movutikira. "Ikununkha."

"Pirirani pang'ono, bambo a Loretta."

A Alfio anakankha ndi dzanja lamanzere, kambale n'kugubudukira pansi. A Nunzia anatola kambaleko. Atainunkhiza okha burashiyo, anavomereza kuti inkanunkhadi khola.

M'mawa mwake anapita nayo kwa a Carmelo Zammit, wometa wokalamba amene ankasewera makadi ndi a Alfio kuyambira ali achinyamata.

"Alamu, mwangogula n'kupita nayo pankhope? Mukufuna kumumaliza mnzangayo?"

"Musandiseke. Ndiuzeni chochita."

"Ya nguluwe imafika ili yamwano," anatero a Zammit, akuisisita ndi chala. "Muziiviika m'madzi ofunda, ubweya wokhawu, chogwirira chisalowe. Mupange thovu pachikhatho panu, muitsuke mpaka madzi ayere, muikutumule, muipukute pathaulo. Kenako iume, iumiretu. Kunyowa ndi kuumako n'kumene kumang'amba nsongazi pawiri, ndiye kufewa kwake. Fungo limachoka lokha."

"Kangati?"

"Kamakumi awiri, mwina kuposa. Koma madzi otentha ayi, amasungunula guluu."

Vuto linali nyengo. Mu Januwale mvula inkagwa osapumira, zovala zinkatha masiku atatu pachingwe zili zonyowabe, ndipo burashi nayo inkangokhala chinyezi. Pofika ulendo wachisanu a Nunzia mtima unawathera. Anaiviika m'madzi a m'ketulo, n'kuiwomba ndi makina oumitsira tsitsi. M'mawa mwake ubweya unayamba kuthothoka, sinki yonse mbwee.

Mwana wawo Loretta, amene ankabwera Loweruka lililonse kuchokera ku Townsville, anawapeza akutola ubweyawo umodziumodzi.

"Amayi, m'sitolo muli thovu la m'chitini. Mungofinya basi. Mukudzivutitsiranji? Taonani manja anuwo asweka ndi sopo."

"Bambo ako sanapakepo za m'chitini."

"Sanayendeponso ndi ndodo, koma pano akuyenda nayo."

"Ndodoyo anachita kuwapatsa a dokotala. Ndevuzi ndi za ine."

Lolemba a Nunzia anagula burashi yachiwiri, n'kukaulula kwa a Zammit zomwe anachita. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapinda waya n'kuwapangira kokolekera kuti burashi izilendewera ubweya uli pansi. Anafunsanso ngati a Nunzia anagwirapo lezala.

"Pamiyendo panga, kalekale."

"Ndiye yambirani pa ine." Anakhala pampando wake womwe, n'kudzifunditsa nsalu. "Kokani khungu ndi chala, mutsate momwe ndevu zagonera. Mukandidula khutu mukafotokoza nokha kwa mkazi wanga."

A Nunzia anawacheka kawiri pachibwano tsiku limenelo, kamodzi sabata yotsatira.

Kunyumba a Nunzia anakoleka burashi kukhitchini, moyang'anana ndi fani, ndipo tsopano inkauma m'masiku awiri. Ikauma, ankatuluka nayo pakhonde pomwe a Alfio ankakhala, n'kuyamba kuzunguza thovu pachikhatho ngati sakuwaona. Akamaliza ankalemba kamzere pakalendala. Nkhani ya ndevu sanaitchulenso. Fungo linatha pa ulendo wachisanu ndi chitatu. Pofika wakhumi ndi chisanu, ataiyang'ana pakuwala anaona nsonga zitayera, zitayamba kugawikana ngati tsitsi lotha.

Tsiku lina m'mawa, chakumapeto kwa Febuluwale, akuzunguza monga mwa masiku onse, anamva mawu kumbali.

"Mukukanikiza."

A Nunzia sanadzutse mutu. "Mwati bwanji?"

"Mukukanikiza. Muthyola ubweya. Nsonga zokha."

"Ndimayesa simukuona. Nanga mwini lusoli bwanji osandionetsa?"

A Alfio anatambasula dzanja lamanzere. A Nunzia anawapatsa burashi n'kuwagwirira kambale. Dzanjalo linali losazolowera, thovu linadonthera pamalaya ndi pansi, koma pang'onopang'ono linakwera lokhuthala bwino kuposa lomwe a Nunzia anapangapo. A Alfio anagunditsa burashiyo patsaya, kuichotsa, kuigunditsanso.

"Yatsala pang'ono," anatero. Koma sanaibweze.

A Nunzia anathamangira sizasi asanasinthe maganizo. Anadula ndevu zija mpaka kufupika, anaika thaulo lofunda pankhope, ndipo a Alfio anadzipaka okha thovu, kuyambira pakhosi kukwera. Lezala anagwira ndi a Nunzia. Mbali yamanzere inayenda bwino. Yamanja, yomwe inagwa ndi sitiroko, inavuta chifukwa khungu linali lofooka, ndipo anayenera kulikoka ndi zala ziwiri. Pansi pa mlomo panatuluka kadontho ka magazi.

"Mwandicheka."

"Mwagwedezeka ndinu."

"Sindinagwedezeke."

Atapukuta, nkhope inatuluka yowonda kuposa momwe a Nunzia ankaikumbukirira, yotuwa pomwe panali ndevu. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatola kambale ndi burashi kuti akatsuke.

"Siyani," anatero a Alfio. "Mutsuka mwachangu inu. Sopo amatsalira mkati."

Anadzuka ndi ndodo, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pasinki ya kukhitchini. Anatsegula mpopi ndi chigongono. Ntchito ya mphindi imodzi inawatengera mphindi khumi ndi zisanu, buluku lonse linanyowa, madzi anafika mpaka pansi pa firiji. A Nunzia anaima pakhomo ndi chokolopera, kudikira kuti amalize.