Mano Awiri a Chitseko

"Kokani nsalu yonseyo, alamu, mwina maso angawa akundinamiza," anatero Mayi Chitseko.

Ulimbo anakoka chingwe mpaka nsalu inachoka pakhoma la bwalo la mpira. Iyeyu ndi amene anali goloboyi wa timuyi masiku amene Chitseko ankatseka kumbuyo. Tsopano ankatchetcha udzu ndi kusunga makiyi a pageti. Anali ataitana mkazi wa mnzake womwalirayo Lachinayi masana kuti adzaone chithunzi yekha, chisanaonetsedwe kwa anthu Loweruka.

Pakhomapo panali nkhope yaikulu kuposa galimoto. Inali ya mnyamata wosalala, mphuno yowongoka ngati pensulo, mano onse ali mbee. M'munsi munalembedwa kuti CHITSEKO, NAMBALA 4, NGWAZI YA TIMU YATHU.

Mayi Chitseko anaika manja m'chiuno.

"Uyu ndi ndani?"

"Alamu, si dzina ilo?"

"Sukulu ndinalekeza panjira koma kuwerenga ndimatha. Ndikufunsa nkhopeyi. Ine ndagona pambali pa mwamuna wanga zaka 26. Uyu nditamupeza m'chipinda mwanga ndikhoza kuitana apolisi."

Wopenta anali pambali akutsuka mabulashi m'chitini. Anali bambo wofatsa, wa ovolosi yamawangamawanga. Anaimirira n'kuvula chipewa.

"Mayi, chithunzi ndinachita kupatsidwa ndi a Tcheya a timu. Ndi cha pakhadi lawo loyamba, ali ndi zaka 19. China chakumapeto ndinachiona, koma ndinati munthu akapita timamukonza mwaulemu."

"Kumukonza? Anakuuzani kuti wawonongeka?"



Chitseko anasewera timu imodzi yomweyi zaka 18. Zigoli anamwetsa zitatu zokha, ndipo chimodzi mwa izo anamwetsa Ulimbo yemweyo, m'golo lawo lomwe. Chikho sanachinyamulepo. Chaka chimene timu inatuluka mu ligi yaikulu, anzake anabalalika ngati anapiye aona mphamba. Akuluakulu a timu ina yolemera anabwera kunyumba kwake ndi galimoto yonyezimira, n'kukhala pa mipando iwiri yokha imene inali m'nyumbamo. Chitseko anawamvetsera, anawapatsa madzi akumwa, kenako anawaperekeza mpaka pamsewu. Mkazi wake sanamulankhule sabata yathunthu. Mwamunayo ankangoseka n'kumati, "Onse akachoka, atseke ndani?"

Timu inabwerera mu ligi patatha zaka ziwiri. Mphuno yake inathyoka katatu. Mano awiri apamwamba anawasiya m'matope patsogolo pa golo. Anamwalira chaka chatha, matenda a mwezi umodzi basi.

Galimoto inaima pageti ndipo a Tcheya anatuluka, foni ili m'manja. Anali mnyamata wa mabizinesi amene anatenga timu zaka zitatu zapitazo. Tinene zoona, ndi iye yekha pa matcheya onse amene anaganiza zomulemekeza Chitseko. Koma sanamuonepo akusewera.

"Mayi, mwatitsogolera? Tinafuna chikhale chodzidzimutsa Loweruka. Mwachiona bwanji?"

"Ndachiona. Mwajambula mwana wa eni."

A Tcheya anaseka pang'ono, akuganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti palibe amene akuseka nawo, anaika foni m'thumba.

"Mayi, tamverani. Loweruka kubwera alendo, kubwera atolankhani ndi makamera. Khomali likhala zaka zambiri. Ana azidutsa pano popita kusukulu. Tikufuna aziona ngwazi, osati munthu wooneka ngati wachokera ku ndewu ya kubala."

"Kubala sankapitako. Ndewu yake inali umo," anatero Mayi Chitseko akuloza m'bwalo. "Nanga inu, a Tcheya, ngwazi mumaidziwira chiyani?"

"Manambala, mayi. Masewero 471. Palibe amene anafikapo pamenepo. Tiwalemba apa m'munsimu."

"Manambala ndi a kusukulu. Ine ndachapa jezi imeneyi maulendo 471 omwewo, ndipo sindinawerengepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti theka la maulendo amenewo madzi ankatuluka ofiira. Mwezi wathunthu ndinamudyetsa phala ndi supuni yaing'ono ngati khanda, pakamwa patatupa ngati buledi. Lero mukundiuza kuti mano amenewo anamera pakhoma?"

"Palibe nthawi yosintha, mayi. Kwatsala mawa lokha. Komiti inavomereza kale."

"Komitiyo ndiye idzakoke chingwe. Paja munati ine ndidzachotse nsalu, kenako mundipatse cholankhulira? Ndidzachotsa. Ndipo ndidzauza bwalo lonse kuti bambo awa sindikuwadziwa, amene wataya m'bale wake adzamutenge."

Ulimbo anatsokomola kuti abise kuseka.

"Alamu, mukatero a Tcheya atichotsa ntchito tonse."

"Inu khalani chete. Mukanagwira mpira tsiku lija bwenzi mwamuna wanga atapita ndi mano ake kumanda."

"Ndinaterereka, alamu. Kunali mvula."

"Zaka zonsezi mukuterereka pakamwa pomwepo."

A Tcheya anapukuta thukuta. Sanali munthu woipa, koma sanazolowere kuuzidwa zochita ndi mayi wa silipasi.

"Mayi, inu mukuona ndi maso a chisoni. Anthu amuzindikira bwinobwino."

"Chabwino. Tisakangane ngati ana. Alamu, phimbani dzinalo ndi nambala. Msewu si uwu? Tifunse anthu. Mmodzi yekha akamutchula, ine ndipita kwathu, Loweruka ndidzaombera m'manja."

A Tcheya anayang'ana chithunzi, anayang'ana msewu, n'kugwedeza mutu.

"Mmodzi yekha. Tagwirizana."

Ulimbo ndi wopenta anatambasula nsalu n'kuphimba malemba onse. Inali nthawi ya nkhomaliro, anthu akutuluka m'magalaja ndi m'mashopu. Woyamba kumuimika anali makaniko wa imvi, atavala chipewa chakale cha timuyi, mafuta ali m'manja.

"Achimwene, mumaonera mpira pano?"

"Kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda, mayi."

"Uyu ndi ndani?"

Makaniko anabwerera m'mbuyo, anatsinzina diso limodzi.

"Tagula wosewera watsopano? Koma nkhope iyi sikhalitsa. Kubwera timu ya ndalama, wapita."

Anapitirira ulendo wake wokadya. Wachiwiri anali mayi wogulitsa malalanje, amene wakhala pageti limenelo zaka zoposa makumi awiri. Anatula dengu, nayang'ana nthawi yaitali.

"Sindikumudziwa, koma ngati sanakwatire mundiuze. Ndili ndi mwana wamkazi kunyumba akungodya."

Wachitatu anali dalaivala wa lole. Iyeyo sanachedwe n'komwe.

"Si a Tcheya awa, ali anyamata?"

Ulimbo analephera kupirira. Nsalu inagwedezeka m'manja mwake. 

"Tifunse wachinayi?" anafunsa Mayi Chitseko. "Chikomekome cha mkuyu, a Tcheya. Kunja kwawala, m'kati mulibe munthu."

Sanadikire yankho. Anavula silipasi, anamanga nsalu yake bwino m'chiuno, natenga bulashi m'chitini cha penti wakuda. Makwerero a wopenta anali chiimire pakhoma.

"Mayi, mugwa," anatero wopenta.

"Ndiye gwirani makwererowo m'malo mondiuza."

"Mayi, limenelo ndi khoma la timu," anatero a Tcheya. "Mukaliwononga..."

"Khoma ndi lanu. Nkhope ndi yanga."

Anakwera. Anali ndi zaka 52 ndipo mawondo ankamuvuta, koma anakwera ngati akukayanika chimanga padenga. Atafika pakamwa pa chithunzicho, anapaka wakuda mano awiri apamwamba, lakutsogolo ndi loyandikana nalo kumanzere. Anakweranso sitepe imodzi, nakoka mzere wokhota kuchoka pakati pa maso mpaka kunsonga ya mphuno. Pachikope chakumanja analemba kamzere kafupi ka chipsera. Penti anadontha, ntchitoyo inaoneka ngati ya mwana wa sukulu. Anatsika, naponya bulashi m'chitini.

Makaniko uja anali akubwerera kuntchito akutokosa m'mano. Anafika pakhomapo, anaima. Kamtengo kanagwa pakamwa pake.

"Chitseko," anatero motsitsa, ngati wakumana naye pamsewu. Anavula chipewa.

"Dzina taliphimba, achimwene. Mwamudziwa bwanji?" anafunsa Mayi Chitseko, maso ali pa a Tcheya.

"Mano amenewo ndinawaona akuchoka. Ndinali kuseri kwa golo ilo. Masewero omaliza a chaka, tikagonja tituluka kachiwiri. Kwatsala mphindi zinayi, mvula ikukhuthuka. Goloboyi wathu wagona m'matope..."

"Ndinaterereka," anatero Ulimbo kuseri kwa nsalu.

"...mpira uli pamzere, mnyamata wa timu ina wakweza mwendo kuti amalize. Wina aliyense akanaponya phazi. Iyeyu anaona kuti phazi lichedwa, anaponya nkhope. Anadzuka, analavula, n'kuuza oyimbira kuti tiyeni, nthawi ikutha."

Mayi wa malalanje anali atabweranso, dengu lili pamutu.

"Ndi yemweyo. Timu ikagonja, osewera onse ankatulukira geti lakumbuyo kuthawa masapota. Iye ankatulukira pano. Ankaima apa anthu n'kumamutukwana mpaka atope, kenako agule lalanje, azipita wapansi."

"Mwana wanga woyamba ndinamutcha dzina lake lenileni, osati la pabwalo la Chitsekoli," anatero dalaivala, amene anali asanapite. "Chaka chimene onse anatithawa, iye anatsala. Tinkasewera m'mabwalo a fumbi, opanda ndi mpanda womwe, iye ali pomwepo."

Anthu anayamba kuunjikana. Aliyense anali ndi yake, ndipo panalibe amene anatchula nambala 471. Wina anakumbutsa za chigoli chodzimwetsa chija, onse anaseka, Ulimbo nati mpaka lero sanamukhululukire.

A Tcheya anamvetsera manja ali m'thumba. Kenako anatembenukira kwa wopenta.

"Mungamalize pofika mawa madzulo?"

"Penti auma, bwana. Koma chithunzi chakumapeto chija n'chosaoneka bwino. Pafunika wondiuza."

"Mayi," anatero a Tcheya, "ndinkafuna kumupatsa ulemu."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndakulankhulani bwinobwino."

Ulimbo anayang'ana kumwamba. A Tcheya anaseka, ulendo uno kuchokera pansi pa mtima, napita kukaimbira foni a komiti.

Mayi Chitseko anatembenuza chitini chopanda kanthu n'kukhalapo. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, ndipo Lachisanu m'mawa wopenta anamupeza atafika kale.

"Mphunoyi inakhotera mbali iti, mayi?"

"Koyamba kumanja. Kachiwiri anamuwongolera ndi chigongono, tinathokoza. Kachitatu inapita kumanzere, sinabwerenso."

"Makwinya ndiike?"

"Ikani. Atatu pamphumi. Awiri ndi a timu, limodzi ndi langa."

"Nanga pakamwa? Nditseke pang'ono kuti mpatawo usaonekere kwambiri?"

"Tsekulani. Ankaseka ngati ali nawo onse."

Wopenta anagwira ntchito tsiku lonse osapuma, mayiyo akumubweza apa ndi apo. Khutu linali laling'ono, analikuza. Tsitsi linali lambiri, analichepetsa. Dzuwa lisanalowe anatsika, napukuta manja, naima pambali.

Mayi Chitseko anadzuka pachitini. Anayang'ana khoma nthawi yaitali. Ulimbo anabwera ndi nsalu yophimbira, koma ataona nkhope ya mlamu wakeyo anaima patali.

"Ndinakuuza kuti upite ku timu ija, chitsiru iwe," mayiyo anauza khomalo. "Bwenzi uli ndi mano."

Pachibwano pa chithunzicho panali kadontho ka penti wofiira kamene kanatsetsereka kuchokera pamlomo. Anakwera masitepe awiri a makwerero, ananyowetsa nsonga ya nsalu yake ndi malovu, n'kukapukuta bwinobwino monga ankachitira kale. Atatsika anavala silipasi zake.

"Phimbani, alamu. Mawa chingwe ndikoka ndine."