Sitolo Yotsekedwa ndi Chala

Foni ya malemu inaliranso patebulo, ndipo onse anangoiyang'ana ngati njoka yalowa m'nyumba. Mayi anali ataikidwa dzulo lake, koma makasitomala sankadziwa. Uyu akufuna nsapato zakuda, uyo akufunsa ngati zofiira zija zafika.

Mayiwo analibe sitolo ya chitseko. Nsapato zinkakhala m'makatoni kuchipinda, koma zithunzi, mitengo ndi manambala a ogula zonse zinali m'foni, ndipo banja lonse linkadyera momwemo. Tsono foniyo inkatsegulidwa ndi chala chawo chachikulu.

"Achimwene, ndiye kuti sitolo yonse taikwirira dzulo?" anafunsa mwana wamkazi wa malemu.

Mchimwene wakeyo anati wokonza mafoni angathe kuitsegula, koma zonse zam'kati zifufutika. Mlongoyo anayesa chala chake, foni inakana. Mchimwene anayesa zala zake zonse mpaka kakang'ono, ngati kuti foni imamva chisoni.

Mkazi wa mchimweneyo ankatolera makapu, osalowererapo. Iye ndi apongozi akewo sankamwerana madzi. Malemu ankamudzudzula pa chilichonse, ngakhale kapindidwe ka nsalu ya patebulo.

"Mlamu, tachotsani chinthuchi, chikundibaya mtima," anatero mlongoyo.

Mlamuyo ananyamula foni kuti akaiike pakabati. Inangoti ng'ani, n'kutseguka.

Mwamuna wake anaimirira, n'kumufunsa kuti wakhala akugwira foni ya mayi kuyambira liti. Mkaziyo anachita mantha kuposa onse. Kenako anakumbukira, ndipo anafotokoza mawu akudukaduka. Tsiku lina kuchipatala apongozi anamukoka dzanja n'kumudinditsa chala pagalasi la foniyo mobwerezabwereza. Ankalalata kuti foni yauma, mwina zala zofewa za munthu waulesi zingaidzutse. Iye anatuluka n'kukalira panja chifukwa cha mkwiyo, osadziwa kuti chala chake chalembetsedwa m'foniyo.

"Ine mwana wawo wobereka okha, osandiuza?" anatero mlongoyo motsitsa mawu. Zinamupweteka, ndipo sanabise.

Uthenga wina unalowa, wa nsapato zofiira zija.

Mlamuyo anayang'ana chala chake kwa kanthawi, misozi ili chuchuchu. Anaika foni pambali, nachotsa nsalu ya patebulo. Anaipinda mmene apongozi ankafunira, ngodya pa ngodya, kenako anakhala pampando wawo n'kuyamba kuyankha kasitomala uja.