Kadontho ka aJemimah pa Mapu a Kitwe

Anthu a kafukufuku anakhoma mapu awo m'holo ya tchalitchi ku Garneton. Anali mapu a Kitwe, angapo, chaka chilichonse ndi ake. Utoto wachikasu unkasonyeza kumene utsi wa kumgodi, umene aliyense amautcha senta, unkagwera zaka zimenezo. Timadontho tofiira tinali anthu amene anadwala chifuwa chosatha kapena kufa nacho. Mapemphero atatha, ambiri anangosuzumira n'kumapita. Obadiah anatsala.

Ankafuna chinthu chimodzi basi: amayi ake, aJemimah, akhale kadontho pamenepo. Anamwalira chaka chatha mvula isanagwe. Iye anasiya koleji ku Ndola kuti awadwazike, ndipo sanabwererekonso. Masiku ano ankangothirira dimba la repu la atate ake, amenenso chifuwa chinali chitawagwira.

Mayi wa kafukufuku wofunsa mafunso, Felistus, ankalankhula Chinyanja chonunkhira Chibemba, n'kumamutchula Obadiah kuti mwaice, kutanthauza mng'ono.

"Khala pansi, mwaice. Amayi anakhalako kuti ndi kuti? Uyambe kale, usadumphe chaka."

Obadiah anafotokoza. Chikwatiwireni anakhala m'nyumba ya mgodi, kumunsi kwa chumuni, mpaka atate atapuma ntchito ndi pamene anasamukira kuno. Senta ikamabwera inkayamba kuyabwa pakhosi isanaoneke. Amayi ankanyowetsa chitenje, n'kufunditsa ana kumaso, n'kuwatsekera m'nyumba. Iwo ankathamangira panja kukaanula zovala ndi kuphimba ndiwo ndi masaka, pakamwa pali pululu, akukalipira mphepo ngati ikumva.

Felistus anayendetsa chala pa mapu mpaka chinaima pamene chikasu chinakhuthala kwambiri. Obadiah anapazindikira: panali pa mzere wa nyumba umene ankakhala kale. Koma timadontho tofiira panali tiwiri titatu tokha, pamene makomboni akutali ndi chumuni anali waa ngati nyerere.

"Anamwalirira chipatala chiti?"

"Ku Katete. Kumudzi."

"Nanga chifuwacho anachijambula kuti?"

"Komweko. Kuno ankangogula mankhwala a chifuwa pa shopu, amati chimfine."

Felistus anasiya kulemba. Anafotokoza mosathamanga kuti kafukufukuyu amatenga okhawo amene anayezedwa kapena kumwalirira m'zipatala za Kitwe ndi Ndola. Popanda zimenezo, timadontho tingakhale ta mphekesera.

Obadiah anaseka kuseka kopanda mano.

"Ba Felistus, mzere wathu wonse unali wa anthu akum'mawa. Kwathu munthu akalephera kudzuka, amalume ake amabwera kudzamutenga akadali ndi mpweya. Wamoyo amakwera basi, maliro amafuna lole. Amayi anawatenga amalume aIsrael. ALeah a pakhomo loyandikana anakafera ku Petauke. Akulu ampingo aAckson, ku Chadiza. Mukufuna ndipitirize?"

"Ndamva, mwaice."

"Ndiye mapu anu anena kuti senta ndi mankhwala. Tonse tibwerere tikaipume."

Mayiyo sanakwiye. Anayang'ana pa chikasu paja nthawi yaitali, kenako anati akawauza akuluakulu ake, chifukwa n'zoona, ndipo palibe amene anaziganizira. Koma zopita kum'mawa kukafufuza m'zipatala za kumeneko sizinali m'ntchito yawo, ndipo mwezi wamawa akutseka.

"Mukatseka mudzalemba chiyani?"

"Mwina kuti sitinapeze umboni wokwanira."

"Ikani kamodzi kokha. Peni muli nayo."

"Ndikaika kamodzi kabodza, onsewa adzawakana."

"Amayi si abodza."

"Ndikudziwa."

Obadiah anatuluka osatsanzika. Dzuwa linali paliwombo, ndipo msewu wonse ankawerenga mumtima anthu a mzere uja, kufika pakati n'kuyambiranso, chifukwa nthawi iliyonse ankakumbukira wina.

Atate ake, aWitness, anawapeza pansi pa mtengo wa kotapeya, atatsamira pilo, akupuma ngati munthu wokwera phiri. Pafupi panali chikwama chachikulu cha mizeremizere, ndi jekete ya kutchalitchi itapindidwa pamwamba.

"Atate, ichi n'chiyani?"

"Azakhali ako aimba foni. Akuti ndipite ndikapumeko mphepo ya kumudzi." Anakhosomola, nalavulira m'kachitini. "Kapume mphepo, akutero. Ngati sindikudziwa chimene akutanthauza."

Obadiah anakhala pa njerwa. Anawauza za mapu, za chikasu, za mzere wawo wosowa timadontho. Analankhula mwachangu ngati mwana wopempha chilolezo. Atatewo akangogonekedwa kuchipatala kuno, akajambulidwa chifuwa, dzina lawo likalowa. Akhala kadontho. Mwina kamodzi sikasintha kanthu, koma kakhalapo.

Atate anamuyang'ana ndi diso lonyowa, lokhala ngati likuseka.

"Ndiye ukufuna ndifere kuno kuti azungu ako apeze chojambula?"

"Si azungu, atate. Ndipo sindinati mufe."

"Wanena, mwanawe. Wangozungulira." Anapuma kaye. "Ndikalowa m'chipatala muja sinditulukamo ndi miyendo yanga, ndaona anzanga. Mudzandiika kuno pakati pa anthu osandidziwa, amako ali kwina. Chifuwa ndinachisiya kumgodi. Mafupa okhawa ndisiyire."

"Nanga amene akukhala m'nyumba ya mgodi ija tsopano? Ali ndi ana."

"Akadwala, amalume awo adzabwera."

Obadiah anafuna kukuwa, koma anaona mmene kolala ya shati inkalendewera pakhosi pa atate, ndi zala zawo zikulephera kumanga batani. Anagwada n'kuwamangira. Anawakonzera pilo, nakataya za m'kachitini kuseri, nakatsuka, nabwera nako.

"Basi ya Lusaka imanyamuka six," anatero atate. "Ya Chipata tikaipeza komweko. Undipezere mpando wa pawindo, anthu asamanyansidwe ndikamakhosomola."

"Chabwino, atate."

"Repuyo umuuze Chichi wa kutsidyaku azithirira. Asapse chabe."

Obadiah anavala nsapato, nayenda kupita kumsewu kukadikira minibasi ya kutauni kuti akagule matikiti. Podutsa pa tchalitchi anaona pawindo Felistus ataima pa benchi, akumatula mapu kukhoma limodzilimodzi n'kumawakulunga. Mayiyo anamuona, nakweza dzanja. Iye anakweza lake pang'ono, napitirira, kuti akapeze malo a pawindo asanathe.