Goliati ndi Kameta wa a Yoramu

A Cosmas anatsika minibasi pa Mlangeni atafungata tambala wakuda bii, wamiyendo ikuluikulu. Anakamutenga ku Boma kwa munthu wina woweta nkhuku za Mikolongwe. Zaka zonsezi iwo ndi akazi awo, a Rute, ankangoweta nkhuku zachikuda, zing'onozing'ono, zoikira mazira ochepa. Mlangizi wa ziweto ndi amene anawauza kuti akaika tambala wa Mikolongwe pakati pa nkhukuzo, anapiye ake azikula msanga ndipo misoti iziikira kwambiri.

A Cosmas atangofika pakhomo, a Yoramu anasuzumira pamwamba pa mpanda wa udzu. A Yoramu anali achimwene a a Rute, ndipo nyumba ziwirizi zinkangosiyanitsidwa ndi mpandawo.

"Alamu, mwagula nkhuku kapena mbuzi?" anafunsa a Yoramu.

"Sekani lero," anayankha a Cosmas. "Posachedwa muzibwera kuno kudzapempha mbewu."

"Ine ayi. Kameta wanga akundikwanira."

Kameta anali tambala wa a Yoramu, wamng'ono, wa khosi lopanda nthenga, lofiira ngati lasendedwa. A Cosmas sankamuwerengera n'komwe.

Tambala watsopanoyo a Rute anamutcha Goliati. Kuti mbewu isasakanikirane, a Cosmas anapha atambala awo akale, banja lonse n'kudya nyama kwa masiku angapo. Anamata khola, anakonza denga pomwe linkadontha, nawaza phulusa pansi kuti utitiri usabwere.

Inali nyengo yozizira, mbatatesi zili m'dimba. A Cosmas ankatsegulira nkhuku mmawa n'kupita kukathirira, kubwerera dzuwa litapendeka. Nthawi zonse ankamupeza Goliati ali m'khola, atakwera pamtengo wa pamwamba, ndipo mtima wawo unkakhala m'malo.

Zomwe zinkachitika masana sankazidziwa. M'munsi mwa mpanda munali kabowo. Goliati anadutsa pamenepo n'kukapeza khola la ng'ombe la a Yoramu, ndowe yake yodzaza mphutsi, komanso madeya amene Anamaseko, akazi a a Yoramu, ankawazira nkhuku zawo mosaumira. Anamenya Kameta mpaka kumuthamangitsa. Kameta atasowa kolowera, anadutsa pa kabowo komweko n'kukapeza nkhuku za a Cosmas zili zokhazokha. Madzulo tambala aliyense ankabwerera kwawo kukagona.

A Rute anaziona ndipo anawauza amuna awo.

"Bambo a Tracy, Goliati wanuyu sakuswera pano. Akumakhala kwa achimwene."

"Tambala amayenda, mayi," anatero a Cosmas akusamba m'manja. "Bola akugona kwawo."

"Nanga Kameta amene akumaswera panoyu?"

"Kameneko? Nkhuku zanga zingakayang'ane kameneko zitaona Goliati?"

A Rute anangowasiya.

Nkhuku zitatu zitayamba kukhalira mazira, a Cosmas anaziikira udzu wouma m'madengu akale, n'kumaziikira madzi ndi chimanga pafupi. Ku tchalitchi anali atauza kale anzawo a kwaya kuti akonzeke kudzaona anapiye amene Mlangeni sinawaonepo.

Mazira anayamba kuswa Lamlungu lina. Pochokera ku mapemphero, a Cosmas anamva kulira kwa anapiye, ndipo anathamangira ku khola asanavule n'komwe jekete. Ananyamula thadzi loyamba pang'onopang'ono. Pansi pake panali tianapiye tofiirira, ndipo ambiri anali ndi timakosi topanda ubweya. Anayang'ana dengu lachiwiri. Chimodzimodzi. Lachitatu sanalifike, anangokhala pansi pakhomo la khola.

A Rute atabwera kudzaona, anayesa kudzigwira koma zinakanika. Anaseka mpaka kukhala pakhonde, akupukuta misozi ndi chitenje.

"Si ndinakuuzani ine, bambo a Tracy?"

A Cosmas anadzuka n'kuzungulira mpanda, ulendo kwa alamu awo. Anawapeza a Yoramu atanjuta pabwalo, akuonerera gulu la anapiye akuda, onenepa, akuthamangira amayi awo. Goliati anali pomwepo, akupalasa ndowe ngati pakwawo.

"Alamu, anapiyewa ndi anga," anatero a Cosmas osapereka n'komwe moni.

A Yoramu anaimirira, akuyesetsa kuti asaseke. "Takhalani pansi kaye, alamu. Anu bwanji? Mazira anaikira ndi nkhuku zanga, madeya ndi anga."

"Koma tambala ndi wanga! Ndinachita kukwera naye minibasi."

"Zoona. Nanga kwanuko kwaswa zotani?"

A Cosmas anayang'ana kumbali. "Makosi ometa okhaokha."

Apa a Yoramu analephera kupirira. Anaseka atagwira m'mimba. "Ndiye kuti amenewo ndi anga! Kameta wagwira ntchito."

A Cosmas anafuna kukalipa, koma ataganiza za katambala kothamangitsidwa kwawo kaja n'kukakhazikika kwa eni ake, nawonso kuseka kunawatulukira m'mphuno. Anakhala pa mpando umene Anamaseko anawabweretsera. Posakhalitsa a Rute anafika, tiyi ndi mbatata zophika zinabwera, ndipo nkhaniyo anaimaliza ndi amayi awiriwo. Anapiye akhale kaye ndi amayi awo. Akadzasiyidwa, adzagawane pakati, akuda ndi a kameta omwe, nyumba iliyonse ipeze mitundu yonse iwiri.

Mawa lake amuna awiriwo anatseka kabowo kaja. Anadula nsungwi n'kumanga mpanda waung'ono kuseri kwa nyumba ya a Cosmas, momwe Goliati ankaswera ndi nkhuku zosankhidwa. A Yoramu akafuna mbewu, ankabweretsa misoti yawo n'kuisiya momwemo kwa kanthawi. A Cosmas anaphunziranso kufukula chiswe ndi kuwaza madeya osakaniza ndi soya wokazinga, chifukwa Goliati atatsekeredwa anayamba kuwonda.

Za Kameta anakanganako pang'ono. A Cosmas ankati aphedwe, a Yoramu ankakana. Nkhaniyi inatha pamene a Jasper, msuweni wa a Yoramu wolima mpunga ku Kasinje, anabwera kudzacheza. Ataona anapiye a makosi ometa anasangalala kwambiri.

"Kwathu kuchigwa ndi nkhuku zimenezi," anatero a Jasper. "Kutentha kwa Okutobala zinazi zimangoti kakasi kukamwa, koma kameta amangodziyendera. Ndipatseni tambalayu."

Anamumanga miyendo n'kupita naye, pamodzi ndi anapiye angapo. M'malo mwake anasiya kathumba ka mpunga nyumba iliyonse.

Mvula ikuyandikira, ana a Goliati anali atakula. Misoti yakudayo inkaikira pafupifupi tsiku lililonse, moti a Rute anayamba kupatsako mazira anansi ndi odwala a mumpingo. Vuto lake linali limodzi: ina mwa misotiyo inali yaulesi kukhalira. Inkakhala pa mazira mmawa, masana n'kudzuka kukayenda. Msoti umodzi wa kameta umene a Cosmas anausunga monyinyirika ndi umene unkakhalira osasuntha, ndipo ukaswa unkalimbana ngakhale ndi kabawi. A Cosmas anayamba kutenga mazira a nkhuku zakuda n'kumauikira.

Tsiku la katemera wa chitopa, mabanja awiriwo anasonkhanitsa nkhuku zonse pabwalo la a Cosmas mmawa, zisanapite koyenda. Mayi wopereka katemera anakhala pa mpando ndi kabotolo kake. A Yoramu ankagwira nkhuku m'madengu, a Cosmas n'kuipendeketsa mutu, mayiyo n'kudontheza m'diso. A Rute ndi Anamaseko ankathamangitsa zothawa.

"Iyi ndi ya nyumba iti?" anafunsa mayiyo atalandira msoti wina wakuda.

A Cosmas anaiyang'ana, a Yoramu anaiyang'ananso. Palibe amene anaizindikira.

"Ingodonthezani, mayi," anatero a Cosmas. "Madzulo ikalowa khola lomwe ikulidziwa."

Anaiika pansi. Inagwedeza mutu, n'kuthamangira pamene a Rute ankawaza madeya.