Lata Lomwe Linapita Kuchimbudzi

Mwanamisi sankafuna zambiri, ayi. Ankangofuna kuti mvula ya chaka chimenecho imupeze pansi pa malata. Kanyumba kake ku Bangwe makoma anali chilili, koma denga linali la makatoni, ndipo iye ndi mwana wake Asia anali atatopa nako kunyowa.

Ankagulitsa mandasi pageti la fakitale ina ku Makata, khadi la chipani atalimanga pansonga ya chitenje kuti achinyamata a chipanicho asamubweze panjira. Kangachepe kalikonse ankakasiya kubanki, poti ndalama ikagona m'nyumba abale amainunkhiza.

Tsiku lokatapa, kalaliki anamwetulira. "Mayi, ndalama zanu zabereka. Pali chiwongoladzanja."

"Zabereka bwanji? Chotsani, achimwene, ine ndikufuna zanga zokha."

Kalaliki uja anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati chiyambire ntchito sanaonepo munthu wokana ndalama, ndipo njira yozibwezera panalibe. Mwanamisi anatuluka mtima uli m'mwamba. Zaka zonsezi zopsa ndi mafuta, kodi thukuta lake lonse ladetsedwa?

Anapita kwa Shehe Bashiru osadzera n'kunyumba komwe.

"Khazikani mtima pansi," anatero Shehe. "Zimene munaika n'zanu, n'zoyera. Zapamwambazo ndi riba, ndalama yobala popanda malonda, ndipo kwa ife Asilamu ndi haramu, n'zoletsedwa. Musadye, musavale, musafolere nyumba. Perekani, koma si sadaka, musayembekezere madalitso. Ambiri amamangira zimbudzi."

Kusitolo ndiye kunali mayeso. Malata anali atakwera mtengo, ndipo ndalama zake zoyera zinaperewera lata limodzi. Limodzi basi! Riba ija inali yokwanira ndendende. Anaima pakauntala nthawi yaitali, mpaka wogulitsa anamufunsa ngati akudwala. Kenako lata loperewera lija analigula ndithu ndi riba ija, koma analinyamula palokha, osalisakaniza ndi anzake.

Anakalitula kwa Selina, mnzake wa kuseri kwa mpanda, amene chimbudzi chake chinali chopanda denga.

"Amake Asia, mutu ukuyenda bwinobwino?" anakuwa Selina. "Kuchipinda kwanu kukuoneka mitambo, inu mukufolera chimbudzi changa? Ife ngongole ya kubanki ikutidya mwezi ndi mwezi. Inu akupatsani, mukuthawa!"

"Tengani, anzanga. Koma musandithokoze, chonde."

"Nanga ndinene kuti chiyani?"

"Musanene kanthu. Muzingolowamo."

Selina anaseka mpaka kugwira mpanda. Koma nkhaniyi inamukhala pamtima, ndipo Loweruka amuna ake, a Hawkins, anatulukira atasenza mgolo wakale umene anaudula n'kuuphwanthaphwantha. Anati ndi wotseka pampata paja.

Mwanamisi anakana kwamtuwagalu. Kulandira ulele kukanakhala ngati lata lija labwerera pakhomo pake mozemba. "Ndigula," anatero. Anakangana pang'ono, kenako anapangana: mandasi otentha m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu. A Hawkins sanavute, munthu anali wokonda zamafuta.

Dengalo linali loseketsa, inu. Konse kung'anima, pakona pokha chigamba chadzimbiri, ana a m'makwalala n'kumachiloza. Mwanamisi akachiyang'ana mtima unkangoti myaa.

Mvula yoyamba inagwa yamphamvu, ndipo chigambacho chinadontha pamsomali umodzi. Anatcherapo beseni n'kugona. M'mawa anyamata a pafakitale ya ku Makata ija anadikira mandasi pageti mpaka belu loyambira ntchito linalira. Kwa nthawi yoyamba, mayi wa mandasi anali atagonereza.